Mpando Wanu Patebulo la Kuchipatala

Amayi anga okondedwa,

Ndiyambe ndi mawondo anu. Mng'ono wanga anandiuza pafoni kuti sabata yatha munalephera kukwera chitunda cha kumunda, munabwerera panjira. Inu mutalanda foniyo munati muli bwino ngati mtsikana. Ndakhulupirira iyeyo. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi aja musawadumphitse, ngakhale tsiku limene mwadzuka mopepukidwa. Ine kuno ndili bwino. Mzime wanu, mlongo wanga, ali bwinoko, ndipo mdzukulu wanu akuyamwa.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula mawu ndisanafike kumene ndikupita. Kalatayi muiwerenge muli nokha, mukamaliza mumwe madzi, muiwerengenso.

Kuntchito kulibe zachilendo. Makina aakulu osindikizira anafa kwa sabata yathunthu, ndiye mabuku a sukulu atiunjikira. Ine ndikungokhalira kuweramira masamba, kusaka zolakwika asanawasindikize. Magalasi anga anathyoka mwendo umodzi, ndaumanga ndi kawaya, ndipo anzanga akuti ndikuoneka ngati wokonza mawailesi.

Ndasamukanso. Chipinda chija munachiona, choyandikana ndi owotcherera zitsulo, ndachisiya. Ndapeza zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi wina wopuma pantchito, kutali ndi msewu. Mpopi uli pakhomo pomwepo, pazenera ndaikapo katani wokhuthala, ndipo phokoso lalikulu pamalopo ndi la nkhunda za eni nyumba. Chimene ndasamukira muchimva m'munsimu.

Tsopano nkhani ya mwana. Inu munauzidwa kuti watsala m'chipatala chifukwa cha chikasu. Chikasu anali nachodi pang'ono, koma chinatha msanga. Chamusunga ndi china.

Mukukumbukira kuti mlongo wanga anapweteka msana kuhotela kuja, ponyamula mitolo ya nsalu zonyowa kuchokera m'makina ochapira. Mnzake wina anamulozera munthu wogulitsa mapiritsi amphamvu opha ululu popanda kalata ya dokotala. Anayamba ndi limodzi, loti amalizire tsiku. Msana unapola, koma mapiritsi sanasiyike. Wakhala akumwa mimba yonse, mpaka tsiku limene anachira.

Zimene mayi akumwa, mwana m'mimba amalandirako. Thupi la mwanayu linazolowera mankhwalawo asanaone dzuwa, ndipo mchombo utadulidwa, mankhwalawo anadukira pomwepo. Patangopita masiku ochepa anayamba kunjenjemera timanja, kuyetsemula kosalekeza, kulephera kugwira bere chonsecho njala ili nayenaye. Kulira kwake kunali kosongoka ngati belu la njinga, mpaka anamwino anamutcha Kabelu, ndipo dzinalo lamukanirira. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Kuno zatembenuka, wadya wamkulu, zapota mwana.

Ndafunsa madokotala, ndawerenganso zonse zimene ndinatha kupeza. Si ufiti, si tsoka la kumtundu, si chilango. Ndi chibaba chomwe chija chimagwira munthu wamkulu akasiya mankhwala otere mwadzidzidzi, kungoti chagwira kathupi kosakwana m'manja awiri. Chimatha, ndipo kwa iye chikutha. Za m'tsogolo dokotala anakana kundilonjeza. Anati ana ambiri obadwa chotere amakula bwino, ena amachedwerako pa zina, n'chifukwa chake azimuyeza pafupipafupi akamakula. Ndinamukhulupirira chifukwa cha kukana kulonjezako.

Poyamba ankamudonthezera mankhwala pang'ono m'kamwa, kenako anachepetsa mpaka kusiya. Chimene chikumuchiza kwambiri si cha m'botolo. Amafuna chipinda chachete, chowala pang'ono, kukulungidwa zolimba m'nsalu, kuyamwa pang'onopang'ono koma kawirikawiri, ndi kugona pachifuwa pa mayi ake khungu likukhudza khungu. Manja ambiri amamuzunguza.

Izi azakhali sanazimvetse. Tsiku lina anafika ndi anzawo a kutchalitchi, analowa m'wodi akuimba, aliyense atatambasula manja kuti amunyamuleko. Mwana anauma gwa ngati kamtengo, nalira mpaka dzuwa kupendeka. Anamwino aakulu anawatulutsa onse, ndipo azakhali mpaka lero akuti mayi ameneyo sanaleredwe, ndi liti mwana anaopa nyimbo ya Mulungu.

Ine anamwino anandiphunzitsa kumukulunga. Mlongo wanga ankandiseka, akuti achimwene adzayamba awerenga buku la matewera mpaka kumapeto mwana ali mbulanda. Koma ine ndakhala ndikumanga mitolo ya mabuku zaka zonsezi, ngodya ndimazidziwa. Anamwino aakulu ataona ntchito yanga anati mwana ndamumanga ngati katundu wa kupositi, changotsala chidindo. Kabelu anagona. Ndinauza mlongo wanga kuti aseke bwino, chifukwa umboni uli m'tulomo.

Tsopano ndifike pamene banja lathu linaphonya.

Tonsefe tinakula tikudziwa kuti maofesi salankhulana. Ukapita uku amakutumiza uko, ukafika uko akuti fayilo yasowa, bwerani mawa. Munthu wochenjera amauza ofesi iliyonse zimene ikufuna kumva, podziwa kuti sizidzakumana. Ndi mmene tinapulumukira kangapo bambo atamwalira, ndipo sindikunyoza. Koma kuno, pa nkhani ya ana obadwa ngati Kabelu, anasintha kagwiridwe ka ntchito. Lachinayi lililonse amakhala patebulo limodzi m'kachipinda ka kumapeto kwa wodi. Pamakhala anamwino aakulu a makanda. Pamakhala bambo wina wandevu, mlangizi wa kukiliniki yothandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala. Pamakhala azaumoyo oyendera makomo. Pamakhalanso mayi wa kuofesi yoteteza ana, amene azimayi a m'wodi amamutcha Mayi Achikwama chifukwa cha chikwama chake chonga cha munthu wosamuka. Abale amaitanidwa. Ine ndinapempha tchuthi cha m'mawa, ndinapita.

Tebulolo ndi lakale, mwendo umodzi anautchinjiriza ndi katoni yopindapinda. Aliyense ananena zimene banja lathu linamuuza. Anamwino anati mayi wa mwana anawauza kuti mapiritsi anamwa sabata imodzi yokha, chifukwa cha dzino. Azaumoyo anati azakhali anawauza kuti bambo wa mwana ali kuntchito kutali, akubwera mwezi wamawa, nyumba anamanga kale. Inu mukudziwa kuti munthuyo anasowa tsiku lomwe anamva za mimba, ndipo foni yake sinalirenso. Kenako Mayi Achikwama anati anaimbira agogo a mwana kumudzi.

Amayi, foni imeneyo munailandira ndinu. Munati mwana wanu ngakhale piritsi la mutu amaliopa, munamulera m'kwaya, ndipo onena zimenezo ndi anthu ansanje a kuhotela.

Anthu aja anangoyang'anana. Bambo wandevu anaseka pang'ono, osati monyoza, nati zikuoneka kuti banja lino lili ndi atsikana atatu a nkhope imodzi, ndiye wachira ndi uti. Ine manyazi sandigwira msanga, koma tsiku limenelo ndinayang'anitsitsa katoni ya pamwendo wa tebulo.

Mayi Achikwama anati mmene zinthu zilili sangavomereze kuti mwana atuluke kupita kwathu. Ndinatsutsa. Ndinati agogo akewo analera ana asanu okha, opanda mwamuna, ndipo palibe anagonapo ndi njala kapena kusiya sukulu. Iwo anavomera zonse. Anati manja a agogo sakuwakayikira, akukayikira maso. Anafunsa kuti mapiritsi akadzabwereranso m'nyumba, adzawaone ndani, adzaimbe foni ndani. Bambo wandevu anawonjezera kuti ambiri amene akusiya amaterereka kamodzi kapena kawiri, ndipo kutererekako si mapeto ngati wina waona msanga. Mayi aja anamaliza ndi kunena kuti munthu amene akuti mapiritsi kulibe, akawapeza amangowasesa n'kukawatentha.

Iwo ankangopereka chitsanzo. Sankadziwa kuti akunena zimene zinachitikadi. Ulendo uja mlongo wanga anabwera kumudzi mimba itayamba kuoneka, mng'ono wanga anakuonani kudzala mukutentha timapepala tonyezimira ta mapiritsi, tambirimbiri, timene munatola pansi pa matiresi ake. Simunauze munthu. Mng'ono wangayo wandiuza posachedwapa, nditamufunsa mwachindunji.

Sindikukuimbani mlandu. Ndikudziwa kuti munachita zimenezo pomuteteza, ndipo pafoni paja munali kulankhula ndi mlendo amene simunamuonepo, wofunsa za mwana wanu. Ndikungokuuzani kuti chitetezo chimenecho chagwira ntchito mobwerera. Mawu amene munanena kuti mdzukulu asachotsedwe m'banja ndi omwe akumuchotsa.

Mlongo wanga ndiye anayamba kukonza mbali yake. Lachinayi lotsatira anapempha kulankhula. Anaimirira, mwana ali pachifuwa, nanena zonse: pamene anayambira, kumene ankagula, kuchuluka kwake, ngakhale za mowa umene ankamwa masiku amene mapiritsi asowa. Sanakhale pansi mpaka anamaliza. Titatuluka anandiuza kuti mitolo ya kuhotela inali yopepuka, bodza ndiye limathyola msana. Panopa ali pa mankhwala a kukiliniki, oyezedwa, amene amamwa m'mawa namwino akuona. Sanadumphepo. Izi sindikumva kwa iye, ndikumva kwa amene amamupatsa.

Nkhani yatsala ndi iyi. Kabelu akhala wokonzeka kutuluka kumapeto kwa mwezi uno, ndipo pali njira ziwiri.

Yoyamba, atuluke ndi mayi ake kubwera kwa ine. Zipinda ziwiri zija Mayi Achikwama anadzaziona, anatsegula mpopi, anagwira katani, anaima pakati pa chipinda kumvetsera ngati kuli phokoso, nati malo ali bwino. Mwana akabwera kuno, aliyense wa patebulo paja ali ndi mbali yake. Azaumoyo azibwera ndi sikelo kudzamuyeza mwana pakhomo. Bambo wandevu azionana ndi mlongo wanga kukiliniki. Anamwino atipatsa nambala yoimba nthawi iliyonse mwana akasintha. Mayi Achikwama alankhula kale ndi a kuhotela kuti mlongo wanga akadzabwerera amuike kopinda zovala, asadzanyamulenso mitolo. Koma zonsezi zaima pa chinthu chimodzi: m'nyumbamo mukhale wachibale wamkulu tsiku lonse, wodziwa zoona, wosaopa kuzinena.

Yachiwiri, mwana apite kwa banja lina losankhidwa ndi ofesi, akaleredwe kumeneko mpaka mayi ake atalimba. Anthuwo sangakhale oipa, ndipo ofesi imawayendera. Koma bere lithera pomwepo, ndipo mlongo wanga azimuona mwana wake kuofesi, pa masiku oikika, wina atakhala pambali. Ine ndaona sikelo ndi maso anga. Mwanayu anayamba kukwera kulemera sabata imene anamulola kugona pachifuwa pa mayi ake. Ndinafunsanso bambo wandevu kuti amayi olandidwa ana zimawathera bwanji. Anati ena amalimba mtima kuti amutengenso mwana, koma ambiri amene iye wawaona amabwerera kumene anachoka, chifukwa manja opanda kanthu amafunafuna chogwira.

Wachibale wamkulu ameneyo sangakhale ine. Ndimachoka m'mawa, ndimabwera madzulo, ndipo ndikasiya ntchito zipindazo zipita. Sangakhale azakhali. Iwo akadali pa mfundo yoti mtsikanayu anamulodza anzake, ndipo anabwera kale ndi kabotolo kena koti amwetse mwana, kamene ndinakathira m'ngalande iwo akuona. Sitikulankhulana bwino masiku ano, koma zimenezo zidzatha. Mwatsala inu.

Ndinapempha Mayi Achikwama kuti asatseke nkhani asanakuoneni pamaso. Anayankha kuti nawonso ali ndi mwana wamkazi, ndipo mlendo atawaimbira foni kufunsa zotere mwina akanayankha chimodzimodzi. Anati munthu amaloledwa kunama kamodzi pafoni. Avomera kudikira mpaka Lachinayi lomaliza la mwezi uno. Kupitirira apo sangathe, chifukwa bedi la Kabelu likufunidwa ndi ana ena.

Pempho langa ndi limodzi. Bwerani, mudzakhale patebulo paja, mudzanene zimene mukudziwa.

Sadzakufunsani zovuta. Adzafuna kumva ngati mukudziwa chimene chadwalitsa mwana, ngati mungakhale nafe miyezi ingapo, ndi chimene mungachite mutapezanso timapepala tija pansi pa matiresi. Yankho la funso lomalizali ndi lakuti mudzaimba foni tsiku lomwelo. Palibe amene akumangidwa. Ndinafunsa zimenezo poyamba penipeni, ndipo anati patebulo pawo palibe wapolisi, ntchito yawo ndi yoti mwana akhale ndi moyo wabwino, ndipo ngati n'kotheka akhale ndi mayi ake.

Ndikudziwa zimene muyankhe, ndiye ndiyankhiretu. Za kumunda ndi mbuzi ndakambirana kale ndi mng'ono wanga ndi mlamu, avomera, ndipo mlamu akuti mbuzi zimamumvera iye kuposa inu. Za mawondo, kuno kulibe chitunda, madzi ali pakhomo, ndipo kiliniki ili pafupi moti mudzayezetsa magazi anu osakwera galimoto. Zoti tauni imakudwalitsani mutu, kuseri kuno mudzamva nkhunda zokha.

Chatsala ndi chija chachikulu, choti anthu adzati chiyani. Munkatiuza tili ana kuti chovala chong'ambika amachivalira m'kati. Mawu amenewo anatisunga ndi ulemu m'zaka zovuta, ndipo sindikuwataya. Koma chovala ichi chang'ambika mpaka chikugwa, ndipo osoka alipo anayi, akhala patebulo singano zili m'manja. Sangasoke chimene tachivala m'kati.

Mlongo wanga amandifunsa tsiku lililonse ngati ndakulemberani. Akuti tebulo lija saliopanso, akuopa nkhope yanu. Wandituma kuti ndikuuzeni kuti sakupempha kuti mumukhululukire kaye. Mukafika mukhoza osamulankhula sabata yonse ngati mukufuna, bola mudzamunyamule mwanayo. Ndamuyankha kuti amayi kukhala chete sabata yonse ndiye chozizwitsa chimene madokotala sanachionepo. Anaseka, kenako analira, ndiye ndinamusiya.

Mukamabwera mutenge nsalu yanu yakale ija yabuluu, yofewa ndi kuchapidwa. Anamwino akuti zatsopano zimakanda khungu la mwanayu. Mng'ono wanga adzakukwezani basi ya m'mawa Lolemba la sabata ya Lachinayi lomaliza lija, kuti mudzapume ndi kumuzolowera Kabelu tsikulo lisanafike. Ine ndidzakhala ndili kudepoti. Mukadzaona munthu wa magalasi omanga ndi waya, ndi ineyo.

Mundiperekere moni kwa amalume, muwauze kuti mankhwala a m'maso aja ndawapeza, ndidzawatumiza kwa mng'ono wanga. Moni kwa mayi aakulu ndi mayi aang'ono, kwa mlamu ndi ana onse, makamaka kamtsikana kaja kakuti kadzakhala dokotala wa nkhuku. Akakufunsani chimene mukupitira kutauni, musanene kuti ine ndadwala. Ndikukudziwani. Simukuyenera kuuza mudzi wonse, nkhaniyi mwini wake ndi mlongo wanga. Koma iye wavomera kuti mayi aakulu muwauze zoona musananyamuke. Muwaitanire m'nyumba, mutseke chitseko, munene mawuwo mokweza: mwana wanga ankamwa mapiritsi, mdzukulu wanga wadwala nawo, ndikupita kukathandiza. Ndikufuna kuti Lachinayi lija lisadzakhale tsiku loyamba mawu amenewa kutuluka m'kamwa mwanu.

Mpando wanu ndaupempha kale kwa anamwino aakulu. Uli pafupi ndi mzime wanu, mbali imene tebulo siligwedera.

Khalani bwino, Amayi, mpaka tionane kudepoti.

Ndine mwana wanu woyamba,
uja mumati sakhulupirira mvula mpaka atanyowa.